Ndani Adzuke Poyamba

Folo koloko m'mawa ku Luchenza,
chiperoni chameza msewu wa ku fakitale,
ndipo sikelo ya pa shedi yachisanu ndi chimodzi
yakana kulemba nthawi kuyambira dzulo masana.
Makilo ikuwerenga bwinobwino.
Koma tiyi wopanda ola lake ndi mlandu pa tsiku la malipiro,
atero a Mukhito pa foni, chimfine chili m'mphuno.

Ndakhala pa benchi ya mlonda, laputopu pamiyendo,
jenereta ikutsokomola kuseri.
Lolemba ndinasintha laibulale imodzi yokha.
Imodzi. Ya nthawi.
Ndinati yakalamba, yatsopanoyi ndi yopepuka.
Sindinafunse kuti imadyera mbale imodzi ndi yani.

Pansi pa pulogalamu, kumene maso a abwana safika,
kuli malaibulale awiri opanda nkhope.
Ina imasunga wotchi, kuduladula sekondi
m'tizidutswa tochepa kuposa nsonga ya tsamba.
Inzake imapota ulusi
kuti ntchito ziyende limodzi osapondana zidendene:
ulusi wina ukumvera sikelo,
wina ukulemba nambala ya wothyola,
wina wangokhala kudikira netiweki
ngati wodikira minibasi ya ku Limbe tsiku la mvula.

Wotchi ikafuna kulira imabwereka ulusi woti uidzutse.
Ulusi ukafuna kugona umafunsa wotchi: mpaka liti?
Lero aliyense waima pakhomo pa mnzake,
kiyi wa mnzakeyo ali m'thumba mwake.
Lowa ndiwe.
Iyayi, yamba ndiwe.
Pa sikirini palibe mawu ofiira oti ndiwakalipire,
kuli zii,
kadontho kokha kakuphethira.

Ndatsegula fayilo yakale yomangira pulogalamu.
Anailemba Welosi Namakhwa,
amene anapita ku Nampula ndisanalembedwe ntchito,
munthu amene sindinamuonepo
koma ndimadziwa kuti sankakonda zilembo zazikulu.
Pamwamba pa mzere wa makumi anayi anasiya mawu:
osasuntha izi. ndinagona muno masiku awiri.

Ine ndinasuntha.

Tsopano ndikuwerenga pang'onopang'ono, chala pa galasi.
Pomanga, wopempha atchulidwe poyamba, wopatsa pambuyo pake,
pakuti womangayo amayenda ulendo umodzi, sacheuka;
chimene sanauzidwe kuti chikufunika amachisiya panjira.
Koma podzuka zimatembenuka:
wopatsa adzuke kukadali mdima, ayale ulusi wake,
wopempha apeze zonse zili m'malo.
Ndipo pali china chimene Welosi sakanadziwa.
Wotchi yatsopanoyi imaitana ulusi ndi dzina la chaka chino,
pamene ulusi wa m'sikelomu ndi wa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo,
dzinalo sulidziwa, suyankha.

Mlonda wandipatsa chinangwa chootcha, theka.
Akufunsa ngati makinawo afa.
Ndati ayi, angokwiyirana.
Waseka, wati ndiye aitanireni ankhoswe.

Ndabweza wotchi yakale. Manyazi ndameza ndi chinangwacho.
Ndakhomera manambala a malaibulale onse awiri
kuti wina asadzakwere yekha kusiya mnzake.
Ndalemba amene adzuke poyamba,
ndi amene agwire loko woyamba, nthawi zonse yemweyo.
Kumanga kwatenga mphindi khumi ndi zinayi.
Ndayesa ndi njerwa. Ndayesanso ndi nsapato yanga.

Naini koloko nkhungu yang'ambika pang'ono,
phiri la Mulanje laonetsa phewa limodzi.
Filesi Muhaniwa watsitsa dengu kumsana,
manja ali mbuu ndi mame,
wakoleka thumba pa ngowe.
Makilo khumi ndi anayi. Naini koloko ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.
Kapepala katuluka. Wakapinda, wakaika m'mpango,
wabwerera m'mizere osandiyang'ana.

Pansi pa mawu a Welosi ndawonjezera anga,
m'zilembo zazing'ono ngati zake:
inenso. usiku umodzi.